Ufumu ndi Ufulu: Mawu Awiri Amene Amakumana ku Mkaika

Loweruka lomaliza la mwezi wa August, njira yolowera ku Mkaika imayamba kufuka fumbi dzuwa lisanatuluke. Malole odzaza anthu amachokera ku Mchinji, ku Dedza ndi ku Kasungu. Ena amalowera pa chipata cha Chanida kuchokera ku Tete. A pafupi, a kwa Kawaza, kwa Kathumba ndi kwa Mbang'ombe, amabwera pa njinga ndi pa ngolo za ng'ombe, ndipo a kwa Pembamoyo ku Vubwi nawonso sasowa. Ndi tsiku la Kulamba, pamene mafumu a Achewa a m'maiko atatu amadzagwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi, kutula mphatso ndi kufotokoza mmene anthu awo akukhalira. Munthu wotchera khutu ku zoyankhula za pabwalopo amamva mawu awiri akubwera mobwerezabwereza. Nduna zikaima zimakamba za ufumu. Mlendo wa boma akaima amakamba za ufulu.

Mawu awiriwa amasiyana pa chilembo chimodzi, ndipo mwana wa sukulu ya pulaimale ku Sinda atafunsidwa sangachedwe kuyankha: ufumu ndi wa amfumu, ufulu ndi umene Zambia inalandira pa 24 October 1964. Yankho limeneli si lolakwa, koma ndi lalifupi. Ufulu sunabadwe mu 1964. Ndi liwu lakale ngati linzakelo, ndipo kale linkanyamula katundu wina amene lero wayamba kuiwalika.

Liwu loti mfumu layenda mtunda wautali. Abemba amati imfumu, Atumbuka amati fumu, ndipo ku Kongo, kutali kufupi ndi nyanja ya Atlantic, mtsogoleri amatchedwa mfumu ndithu. Ku Rwanda liwu la muzu womwewo, umupfumu, limanena munthu woombeza, zomwe zikukumbutsa kuti ukulu wakale sunkalekana ndi mizimu. Apwitikizi amene ankayenda m'chigwa cha Zambezi analilowetsa m'makalata awo: mwini mudzi ankamulemba kuti fumo, mwini dziko n'kumulemba kuti mambo. Kwa Achewa ufumu ndi dzina limene munthu amalowa. Salifuna yekha, salitenga kwa bambo wake. Ntchembere za mbumba ndi zimene zimakhala pansi n'kuloza mmodzi mwa ana a mlongo wake wa malemu, ndipo akalongedwa, dzina lake lakale limagona, iye n'kudzuka ali Kawaza kapena Mbang'ombe yemwe uja wa makedzana. Ufumu uli ndi masitepe ake: mwini mudzi, kenaka mwini mzinda amene ali ndi mphamvu yochititsa chinamwali ndi gule, kenaka mwini dziko.

Ufulu nawo uli ndi mwini wake, ndiye mfulu. Liwuli silimvekanso kawirikawiri pamsika wa Katete, koma aliyense wokulira m'tchalitchi analimvapo, chifukwa Buku Lopatulika la 1922, m'makalata a Paulo, limaika mfulu pambali pa kapolo ngati usana ndi usiku. Mfulu anali munthu wobadwira m'mbumba yodziwika, wokhala ndi atsibweni omuimira pabwalo, wodziwa kumene kuli manda a agogo ake aakazi. Kapolo, kapena mdzakazi ngati ali wamkazi, anali munthu wodulidwa kwa abale ake: wogwidwa pankhondo, woperekedwa ngati dipo la mlandu wakupha, kapena wosinthanitsidwa ndi chakudya chaka cha njala. Ankatha kudya mbale imodzi ndi mbuye wake, kulima munda umodzi, ngakhale kukwatiwa m'nyumba momwemo. Chimene ankasowa chinali anthu akwawo. N'chifukwa chake amuna ena olemera ankafuna kukwatira mdzakazi: ana ake sankakhala ndi malume wowalamulira, ankakhala a bambo. Motero ufulu wakale sunali kukhala wekha popanda wokuuza chochita. Unali kukhala ndi eni ake.

Pali tanthauzo lachiwiri limene okalamba a m'midzi sanalitaye. Akati uje ndi munthu waufulu, sakunena za ndale. Akunena munthu wopatsa, wosaumira, amene mlendo sachoka pakhomo pake ndi njala. Akati anandichitira ufulu, ndiye kuti anandikomera mtima popanda kundiwerengera. Matanthauzo awiriwa ndi nthambi za mtengo umodzi. Kapolo analibe nkhokwe yakeyake, choncho sakanatha kupatsa. Wopatsa anali mfulu, ndipo mfulu ankadziwika ndi dzanja lake.

Achewa sali okha pa kaganizidwe kameneka. M'Chingerezi chakale liwu loti free linkanenanso munthu wolemekezeka ndi wopatsa, ndipo limachokera ku muzu umodzi ndi friend, bwenzi. Liwu lawo la mbuye, lord, linachokera ku hlafweard, kutanthauza wosunga buledi. Anthu otalikirana chonchi anagwirizana pa mfundo imodzi, yoti mkulu amayezedwa ndi chimene amadyetsa anthu.

Apa ndi pamene ufumu ndi ufulu zinkagwirana chanza, ndipo mbiri ya Undi ikusonyeza bwino. Mafumu a mtundu wa Phiri atakhazikitsa ufumu wa Maravi kummwera chakumadzulo kwa nyanja ya Malawi, likulu la Kalonga linali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka. Mbiri ya pakamwa imati Undi, mbale wake wa Kalonga, anachokako atasemphana maganizo pa za kulowa ufumu, ndipo sanachoke yekha. Anatenga akazi a banja lachifumu, pamodzi ndi Nyangu, mayi wobala mafumu. Kwa anthu otsata mzere wa kuchikazi, kutenga Nyangu kunali kutenga chitsime chenicheni cha ufumu. Anakakhazikika ku Mano, m'dera limene lero lili m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo kuchokera kumeneko ulamuliro wake unafalikira mpaka kwa Ansenga cha ku Luangwa, n'kufikanso ku kachisi wa mvula wa Makewana ku Msinja, m'munsi mwa mapiri a Dzalanyama. Harry Langworthy, amene anayenda m'midzi ya kuno m'zaka za m'ma 1960 kufunsa akuluakulu, analemba mbiri ya ufumuwu mpaka chaka cha 1890, ndipo ntchito yake idakali maziko a ambiri olemba za Undi.

Undi analibe gulu la asilikali okhazikika ngati la Angoni amene anadzabwera pambuyo. Dziko lalikulu chotero analigwira ndi ukwati, ndi ubale, ndi mtulo. Mlenje akapha njovu, mnyanga wogunda pansi unali wa mwini dziko. Chikopa cha mkango ndi cha nyalugwe sichinkagona m'nyumba ya munthu wamba. Mafumu ang'onoang'ono ankatula zimenezi, pamodzi ndi makasu ndi chakudya, kwa wamkulu wawo. Koma mtulo unali ndi ulendo wobwerera. Minyanga inkagula nsalu ndi mikanda kwa amalonda, ndipo nsaluzo zinkagawidwa kwa mafumu omwe aja. Chakudya chotulidwa chinkadyetsa alendo, obwera ndi milandu, ndi anthu ogwa m'njala. Kupatsa n'kuika, amatero mwambi, ndipo nkhokwe ya mfumu inali malo amene dziko linkaikiza.

Maina atatu a mpandowu amanena zomwezo. Achewa amawamasulira motere: Kalonga ndi wolonga mafumu, Gawa ndi wogawa dziko, Undi ndi wofungatira anthu ake. Pa atatuwa palibe limene likunena za kugonjetsa. Ndipo anthu akagwada ku Mkaika, dzina limene amafuula ndi lapakatilo: Yoo Gawa! Mfumu inkakhala mfumu chifukwa inali yaufulu. Ikayamba kuumira, anthu anali ndi mankhwala ake osavuta: ankasamuka usiku n'kukapempha malo kwa ina, ndipo mfumu yopanda anthu inkatsala ndi dzina lokha.

Chinthu choyamba kulekanitsa mawu awiriwa chinali malonda. Cha pakati pa zaka za m'ma 1700, Apwitikizi ndi ana awo obadwira m'chigwa cha Zambezi anayamba kukumba golide m'dziko la Undi. Anabwera ndi Achikunda, asilikali awo amene ambiri anali akapolo, odziwa mfuti ndi kusaka njovu. Amalonda atayamba kugula minyanga mwachindunji kwa mafumu ang'onoang'ono, njira ya mtulo inaduka, ndipo Undi analibenso zokwanira kugawa. Antonio Gamitto, msilikali wa Chipwitikizi amene anadutsa m'dziko lino mu 1831 pa ulendo wopita kwa Mwata Kazembe, anamva dzina la Undi likutchulidwa ngati la mambo wamkulu wa Amaravi, koma m'njira ankakumana ndi mafumu ambirimbiri, iliyonse ikufuna malipiro akeake kuti alendo adutse.

Kenaka msika unafuna anthu. Apa mbiri imawawa, ndipo sibwino kuizembetsa. Si alendo okha amene ankagwira anthu. Mafumu ena ndi eni mbumba ena anayamba kupeza milandu pamene panalibe milandu, kuti wolakwayo alipe ndi munthu. Malume amene ntchito yake inali kuimira mwana wa mlongo wake ankatha kumupereka ngati chikole, chikolecho n'kuthera kunyanja yamchere. Dzanja lomwe linkapanga munthu kukhala mfulu ndi lomwe linkamugulitsa. Ufumu unatsala, koma m'malo ambiri ufulu unali utachokamo, m'matanthauzo ake onse awiri.

Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa, ndipo patapita zaka makumi angapo a Mpezeni anadzakhazikika m'dera la Chipata. Achewa ambiri anathawira m'mapiri, ena anamanga malinga, ena anatengedwa n'kusanduka Angoni. Mu 1891 Britain ndi Portugal anagwirizana za malire ali ku Ulaya, ndipo mzere wawo unadutsa pakati pa dziko la Undi: iye anatsala ku mbali ya Apwitikizi, anthu ake ambiri ali ku mbali ya Angerezi. Mu January 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Mpezeni, ndipo mwana wake Nsingo anaphedwa.

Atsamunda ankanyadira kuti anathetsa ukapolo, ndipo n'zoona kuti misika ya anthu inatha. Koma dziko limene Gawa ankagawa linali litapatsidwa kwa kampani. North Charterland Exploration Company inatenga malo okwana masikweya mailosi 10,000, pogwiritsa ntchito mapepala amene munthu wina wotchedwa Carl Wiese ankati anawapeza kwa Mpezeni. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anthu anakankhidwira m'malo opatulidwa, opanikizana, nthaka n'kuguga, mpaka boma linagula malo a kampaniyo mu 1941 n'kuyamba kusamutsiramo anthu. Pamwamba pa izo panabwera msonkho wa nyumba. Kusiyana kwa msonkho ndi mtulo anthu anakuona msanga: mtulo unkabwerera, msonkho unkangopita. Anyamata anayamba ulendo wa pansi wopita ku minda ya fodya ndi ku migodi ya Southern Rhodesia ndi ku Joni kukasaka ndalama ya msonkhowo.

Ufumu nawo unavekedwa malaya ena. Lamulo la 1929 linapanga mafumu kukhala nthambi ya boma, okhala ndi makhoti, makalaliki ndi akapaso. Pofuna mfumu imodzi yoyang'anira Achewa onse a m'chigawochi, boma la Northern Rhodesia linavomereza Undi, amene anaoloka malire kuchokera ku Mozambique m'zaka za m'ma 1930, kukhala mfumu yaikulu. Umu ndi mmene mpando wa ku Mano unafikira m'dziko la Katete. Achewa amakumbukiranso kuti m'zaka zomwezo, mu 1934, atsamunda analetsa Kulamba. Mfumu inaloledwa kutolera msonkho wa boma, koma inaletsedwa kulandira ulemu wa anthu ake m'njira ya makolo. Max Marwick, amene anakhala pakati pa Achewa a dera lino m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, anapeza midzi yodzaza ndi mikangano ya malo, ya ng'ombe ndi ya kulowa maina, yambiri ikuthera m'kutchulana ufiti.

M'nthawi imeneyi ndi mmene ufulu unapezera ntchito yatsopano. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitakhazikitsidwa mu 1953 anthu akukana, andale anafuna liwu limene mlimi wa kwa Kathumba angalimve mumtima. Abemba anali ndi ubuntungwa, Atumbuka wanangwa, ndipo olankhula Chinyanja anatola ufulu. Kusankhako kunali kwanzeru, chifukwa liwuli linali ndi mdani wake wodziwika kale. Kunena kuti tikufuna ufulu kunali kunena kuti panopa ndife akapolo, ndipo m'midzi munali mudakali nkhalamba zimene zinaona ukapolo ndi maso. Chaka chomwecho cha 1953 ndi chimene Kalonga Gawa Undi X analowa ufumu, ndipo anakhala pampando zaka 51, kuona chitaganya chikutha mu 1963, mbendera ya Britain ikutsika, boma la chipani chimodzi likubwera ndi kupita.

Ufulu wa mbendera sunachitire ufumu mofanana m'maiko atatu a Achewa. Ku Zambia boma la Kenneth Kaunda linasunga mafumu ndi Nyumba ya Mafumu, koma linawachotsera makhoti ndi ulamuliro wa maboma ang'ono, n'kuupereka kwa makhansala ndi chipani. Ku Malawi, kumene ufulu unafika pa 6 July 1964, Kamuzu Banda ankalemekeza mafumu omumvera ndi kuchotsa omutsutsa. Ku Mozambique zinafika poipa. Frelimo itatenga boma pa 25 June 1975, inathetsa ufumu wonse, ikunena kuti mafumu anali zida za atsamunda, ndipo boma linadzawavomerezanso mu 2000, nkhondo yapachiweniweni itaphunzitsa dziko phunziro lowawa.

Nkhondo imeneyo inafika mpaka kuno. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zigawenga za Renamo zinkaoloka malire n'kuvutitsa midzi ya Katete ndi Chadiza, ndipo anthu zikwizikwi ochokera ku Tete anathawira ku Zambia. Boma ndi mabungwe anatsegula malo a othawa nkhondo ku Ukwimi, dera limene nthawi imeneyo linali m'boma la Petauke, koma ambiri anayamba alandiridwa m'midzi ya m'malire. Wofika usiku ndi kamtolo pamutu ankafunsidwa mfunda wake. Akati Phiri, akati Banda, akati Mbewe, pankapezeka wina womutcha mbale, ndipo amfumu ankaloza pomanga kanyumba ndi polima. Palibe pepala la boma limene linatchula zimenezi kuti ufulu, koma agogo akanazitcha dzina limenelo mosazengereza.

Kulamba kunabwezeretsedwa mu 1984, patatha zaka 50 chiletsedwere. Kunayamba modzichepetsa n'kumakula chaka ndi chaka. Gawa Undi X atamwalira mu 2004, Gawa Undi XI analowa m'malo, ndipo chaka chotsatira UNESCO inalengeza Gule Wamkulu kukhala chimodzi mwa zuma za chikhalidwe cha anthu onse. Mu 2007 atsogoleri atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala pamodzi pabwalo la Mkaika. Anthu atatu osunga ufulu wa maiko atatu anadzakhala alendo a ufumu umene malire a atsamunda anaudula patatu.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndale za zipani zambiri zitabwerera, liwu loti ufulu lasenzetsedwanso katundu wina. Tsopano pali ufulu wachibadwidwe, ufulu wa ana, ufulu wa amayi, ndipo lachita kupeza chochulukitsa chimene kale linalibe, maufulu. Harri Englund, m'buku lake la 2006 lotchedwa Prisoners of Freedom, anaonetsa vuto la kumasulira kumeneku ku Malawi ndi ku Zambia: liwu limodzi linaphimba zinthu ziwiri, kumasuka kuchita chimene ukufuna ndi kuyenera kulandira chimene ndi chako. Mmphawi anauzidwa kuti ali ndi ufulu woyankhula, koma za malipiro oyenera ndi mankhwala m'chipatala zinamveka pang'ono. N'chifukwa chake akuluakulu ena akamva liwuli amagwedeza mutu, n'kumati ana a masiku ano ufulu wawaononga. Chimene akudandaula nacho ndi ufulu wopanda mwini, wosiyana kwambiri ndi wa mfulu uja amene ankadziwika ndi abale ake ndi dzanja lake.

Komabe kungolira zakale kungakhale kunama. Ufulu watsopanowu wafika pamene wakale sunkafika. Mtsikana wotha msinkhu kale analibe pokanira akulu akagwirizana za ukwati wake, ndipo mbumba yomwe inkamuteteza ndi yomwe inkamupereka. Lero ali ndi liwu loti aimirepo, ndipo chosangalatsa n'chakuti ufumu weniweniwo walitola. Gawa Undi wakhala akudzudzula poyera maukwati a ana ndi miyambo yoika atsikana pangozi ya matenda, ndi kulamula kuti chinamwali ndi dambwe zisamalande ana nthawi ya sukulu. Mawu otere akachokera ku Mkaika amafika m'midzi imene kapepala ka bungwe sikafika, chifukwa nyakwawa imadziwa kuti ikanyozera idzayankha kwa mfumu yake.

Pamene mawu awiriwa akulimbana kwambiri lero ndi pa nthaka. Lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo a makolo asandutsidwe a lizi ya zaka 99, mfumu ikavomereza. Malo akangotuluka motero sabwereranso m'manja mwa mudzi. M'mbali mwa msewu waukulu wa Great East, kuyambira Sinda mpaka Katete, mitengo ya malo yakwera, ndipo siginecha ya mfumu yasanduka chinthu chamtengo. Malamulo a dziko okonzedwanso mu 2016 anachotsera boma mphamvu yovomereza kapena kuchotsa mfumu, zomwe zinapatsa ufumu ufulu wakewake umene sunakhale nawo chiyambire nthawi ya atsamunda. Funso limene latsala ndi lakale lija la mnyanga ndi nsalu: chimene chalowa kwa mfumu chibwerera bwanji kwa anthu? Mfumu yogawira mwana wa mudzi munda ikuchita ntchito ya dzina la Gawa. Mfumu yogulitsa dambo limene ng'ombe za mudzi wonse zimamwera ikuyenda m'mapazi a eni mbumba aja amene anapereka ana a alongo awo kwa amalonda, ngakhale pepala lake litakhala lovomerezeka ndi lamulo.

Milandu yotere ikafika pabwalo la mudzi, pansi pa mtengo, mawu onse awiri amamveka m'mawa umodzi. Mnyamata wobwera kuchokera ku Lusaka ndi mapepala m'manja amaimirira n'kunena kuti ali ndi ufulu wochita chimene akufuna ndi munda umene anasiyiridwa. Mayi wamasiye amene wakhala akulima mundawo sayankha ndi ndime ya lamulo. Amagwada, n'kuomba m'manja, n'kutchula dzina la agogo ake aakazi amene anayamba kuswa mphanje pamalopo, ndi la mfumu imene inawalozera. Akatha amatembenukira kwa nyakwawa n'kunena kuti, "Amfumu, ndine mwana wanu, ana angawa ndikawalimira kuti?"